Ulendo wa ku Machu Picchu wokonzedwa ndi kampani ya ku Johannesburg: zimene inachita bwino ndi pamene inatikhumudwitsa

Gulu lathu la chipereganyu, lomwe ndi la Amalawi ogwira ntchito muno mu Johannesburg, linagwirizana kuti ndalama zimene tinasonkha kwa nthawi yaitali tikaonere mabwinja a anthu a mtundu wa Inca m'mapiri a dziko la Peru, ndipo ntchito yonse yokonza ulendowo tinaipereka kwa kampani ina yoona za maulendo ya mumzinda muno. Kampaniyo sinditchula dzina lake, popeza ndinenapo zolakwa zake, komanso chifukwa zimene ndikufuna kuti owerenga atolepo zikukhudza kampani iliyonse imene ingawalonjeze ulendo woterewu. Maganizo anga ndi akuti ntchito yawo inali yoyenera ndalama zimene tinalipira, makamaka pa kasanjidwe ka malo ogona ndi pa munthu amene anatipatsa kuti atilondolere, koma anatilakwira kwambiri pa nkhani ya matikiti olowera ku Machu Picchu, yomwe ndiyo inali phata la ulendo wonse.

Nkhani ya zikalata ndiyo inayamba kuonetsa kuti kampaniyo inazolowera makasitomala a pasipoti ya South Africa okhaokha. Pepala loyamba limene anatitumizira linanena kuti palibe chifukwa chofunsira viza, zomwe ndi zoona kwa nzika za dziko lino, koma ife a pasipoti ya Malawi timafunika viza yolowera m'Peru, ndipo imafunsidwa ku ofesi ya kazembe wa dzikolo ku Pretoria. Titawakumbutsa anapepesa, natikonzera makalata onse ofunika, monga umboni wa mahotela, matikiti a ndege opita ndi obwerera, ndi ndondomeko ya ulendo, moti ku Pretoria sitinavutike. Komabe zikanakhala kuti tinangokhulupirira pepala loyamba lija, tikanabwezedwa pa bwalo la ndege la OR Tambo ndi zikwama zathu. Pa nkhani ya katemera ndiwayamikira, chifukwa anatiuza msanga kuti South Africa imafuna chikalata cha katemera wa yellow fever kwa munthu wochokera ku maiko monga Peru ndi Brazil, ndiponso kuti katemerayo ayenera kubayidwa masiku 10 ulendo usanayambe. Anatikumbutsanso kuti aliyense aonetsetse kuti chilolezo chake chokhalira muno sichitha ali kunja, nkhani imene Mmalawi aliyense wa kuno akuidziwa kulemera kwake.

Za ndege ndinena mwachidule. Kuchokera ku Johannesburg palibe ndege yolunjika ku Peru, choncho tinadzera ku São Paulo, ulendo wa maola pafupifupi 10 pamwamba pa nyanja ya Atlantic, kenako maola ena pafupifupi 5 kukafika ku Lima, ndi ola limodzi ndi theka kukatera ku Cusco. Nthawi ya ku Peru ili m'mbuyo ndi maola 7 poyerekeza ndi ya kuno komanso ya kumudzi, ndiye thupi limafika litasokonezeka. Kampani inachita bwino kutigoneka ku Lima m'malo motithamangitsa mpaka kumapiri tsiku lomwelo.

Chimene ndikuwatamandira nacho koposa ndi mmene anaganizira za kutalika kwa malo. Mzinda wa Cusco uli pa mamita pafupifupi 3,400 kuchokera pa nyanja yamchere, kutanthauza kuti munthu akamatsika ndege amakhala ali pamwamba kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje, yomwe ili pa mamita 3,002. Ena mwa ife tinkadzidalira poti Johannesburg nayo ili pamtunda, pa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mwina zimenezo zinatithandizako pang'ono, koma mpweya wa ku Cusco ndi wopyapyala moti kungonyamula chikwama kuchoka pa lamba wa katundu kukafika pagalimoto munthu umayamba kupuma mwawefuwefu. Mapulogalamu ambiri amene tinawaona tisanasankhe kampaniyi amagoneka alendo ku Cusco usiku woyamba, chifukwa ndiko kuli mahotela ambiri, ndipo zotsatira zake ndi mutu, nseru ndi kusowa tulo, matenda amene eni dziko amawatchula kuti soroche. Kampani yathu inatitenga pa bwalo la ndege n'kutitsitsira nthawi yomweyo ku chigwa cha mtsinje wa Urubamba, kukagona ku Ollantaytambo, pa mamita pafupifupi 2,800, ndipo Cusco inaikidwa kumapeto kwa ulendo matupi atazolowera. Ambiri sadziwa kuti Machu Picchu ili m'munsi kuposa malo awiriwa, pa mamita pafupifupi 2,430, kotero kuyamba ndi chigwa, kutsikira ku mabwinjawo, n'kumalizira ku Cusco ndiyo njira yochitira thupi chifundo.

Ngakhale zinali choncho, mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu anadwala usiku woyamba. M'mawa anandiuza kuti, "Achimwene, mutuwu ukugunda ngati wina akusinja, ndipo chakudya sindikuchifuna n'komwe." Wotilondolera sanachite mantha ndipo sanaipeputse nkhaniyo. Anawabweretsera mpweya wa m'botolo umene hotelayo imasungira alendo, anawaletsa kukwera masitepe tsiku limenelo, anawauza kuti azimwa madzi pafupipafupi, ndipo ananena poyera kuti akapanda kupeza bwino pofika madzulo aitana dokotala. Tsiku lotsatira anali bwino. Mahotela onse amapereka tiyi wa masamba a coca, yemwe ndi wololedwa ku Peru ndipo anthu a kumapiriko akhala akumugwiritsa ntchito kuyambira makedzana, koma kampani inatichenjeza mobwerezabwereza kuti tisayerekeze kuika masambawo kapena timapaketi ta tiyiyo m'chikwama pobwerera, chifukwa kuno angakuike m'mavuto ndi apolisi. Amene ali ndi vuto la mtima kapena kuthamanga kwa magazi ayenera kuonana ndi dokotala asanalipire ndalama iliyonse, ndipo ndikanakonda kampaniyo ikanalemba zimenezi pa pepala lake loyamba, osati kudikira kuti tifunse.

Ku Ollantaytambo ndi kumene ndinazindikira kuti namulondola wabwino ndi theka la ulendo. Bambo amene anatipatsa anali mbadwa ya m'chigwamo, wolankhula Quechua, chilankhulo cha a Inca chimene anthu mamiliyoni akulankhulabe lero, ndipo Chingerezi chake chinali chomveka kwa tonse. Sanatithamangitse. Anatikweza pang'onopang'ono m'masitepe a minda yomangidwa m'mbali mwa phiri mpaka pa khoma la miyala ikuluikulu 6 yofiirira yoimikidwa mondondozana, kenako anatilozera tsidya lina la mtsinje, pamwamba pa phiri, pamalo otchedwa Cachicata pamene miyalayo inasemedwa. A Inca analibe chitsulo cha ayironi, analibe ngolo, analibenso ng'ombe kapena akavalo okoka katundu, koma anatsitsa miyalayo m'phiri, naiwolotsa mtsinje, naikweza phiri lina pogwiritsa ntchito zingwe, njira zotsetsereka ndi mphamvu za anthu ochuluka. Ina inatsalira m'njira ndipo ikadali pomwepo mpaka lero. Pamalo omwewa, m'chaka cha 1537, mfumu Manco Inca inabweza asilikali a ku Spain otsogoleredwa ndi Hernando Pizarro, mwa zina posefukiritsa madzi m'chigwa kuti akavalo alephere kuyenda. M'tauni ya m'munsi mwake anthu akukhalabe m'nyumba zokhala pa maziko a nthawi ya a Inca, ndipo madzi akuyendabe m'ngalande za miyala m'mphepete mwa tinjira, moti mabwinjawa sali patali ndi moyo wa anthu a lero.

Ku tauni ya Aguas Calientes, yomwe ili m'tsinde mwa Machu Picchu, sikufika msewu wa magalimoto, ndiye alendo ambiri amakwera sitima ya pamtunda. Makampani a sitima ndi awiri, PeruRail ndi Inca Rail, ndipo ulendo wochokera ku Ollantaytambo sukwana maola awiri. Njanji imatsata mtsinje, ndipo munthu amaona ndi maso dziko likusintha kuchoka ku mapiri ouma kupita ku nkhalango yobiriwira ndi yachinyontho. Kampani inatiuza bwino kuti m'sitima amalola kachikwama kakang'ono kokha, ndipo inakonza zoti zikwama zikuluzikulu zitsogole ku Cusco, komwe tinazipeza zonse zili bwinobwino. Hotela ya ku Aguas Calientes ndiyo inali yotsika pa onse amene tinagonamo, chifukwa chipinda chinali chonyowa ndipo phokoso la sitima zodutsa pakati pa tauni linkalowa ngati zenera lili pululu, koma popeza tinangogonamo kuti tilawirire, sindikuiwerengera kwambiri. Chakudya m'tauniyi n'chodula kuposa kwina konse kumene tinadutsa.

Tsopano ndifike pa cholakwa chachikulu. Boma la Peru limachepetsa chiwerengero cha anthu olowa ku Machu Picchu tsiku lililonse, pa 4,500 nthawi wamba ndi 5,600 nthawi ya alendo ambiri, ndipo tikiti iliyonse imakhala ndi dzina, nambala ya pasipoti, ola lolowera ndi njira imene munthu ayenera kutsata. Kuyambira m'chaka cha 2024 njirazo zinagawidwa m'magulu atatu. Yoyamba imadutsa kumtunda, komwe munthu amaona mudzi wonse uli m'munsi mwake koma osalowa pakati pa nyumba. Yachiwiri ndiyo ambiri amaifuna, popeza imapereka malo oonera mudzi wonse ndi phiri la Huayna Picchu kumbuyo kwake, kenako n'kulowa m'mudzimo. Yachitatu imadutsa kumunsi, ku nyumba zachifumu. Munthu sangasinthe njira atalowa, sangabwerere m'mbuyo, ndipo akatuluka ndiye kuti watuluka. Pepala la kampani yathu linangolemba kuti mtengo ukuphatikiza tikiti yolowera, osatchula njira. Iwo anachedwa kugula, matikiti a njira yachiwiri anatsala ochepa, ndipo gulu lathu linagawidwa pawiri, ena njira yachiwiri, ena yachitatu, pa maola osiyananso. Zimenezi tinazidziwa usiku wa tsiku loti mawa tikwera phiri, pamene wotilondolera ankagawa matikiti, ndipo zinaoneka kuti nayenso anali atangozidziwa kumene.

Sindikufuna kuichepetsa nkhaniyi. Anthu amene anasonkherana ndalama mwezi ndi mwezi kuti akaimirire limodzi pamalo amodzi analekanitsidwa pa chipata, mwamuna wina analowa popanda mkazi wake, ndipo wotilondolera sakanatha kukhala mbali ziwiri, choncho gulu lina linapatsidwa munthu wina wongomupeza mwadzidzidzi amene Chingerezi chinkamuvuta. Matikiti ena amagulitsidwa pamaso ku Aguas Calientes olowera tsiku lotsatira, koma sitima yathu yobwerera inali itagulidwa kale, ndiye mwayi umenewo sunatithandize. Aliyense wokonza ulendowu aumirire kuti nambala ya njira ndi ola lolowera zilembedwe pa pangano, ndipo apemphe kuona matikitiwo ndi maso miyezi ingapo asananyamuke, aonenso ngati dzina ndi nambala ya pasipoti zalembedwa molondola, chifukwa pa chipata amayerekeza ndi pasipoti yeniyeniyo.

Ine ndinagwera njira yachitatu, ndipo ngakhale ndinadandaula kuti sindinaime pamalo a kumtunda aja, zimene ndinaona pafupi zinandikhutiritsa. Basi imakwera kuchokera m'tauni kwa mphindi pafupifupi 30 mu msewu wokhotakhota, ndipo titalowa tinadutsa m'minda yamasitepe nkhungu isanachoke. Chinandigwira mtima koposa ndi madzi. A Inca anatenga madzi pa kasupe wa m'phiri, nawayendetsa mu ngalande ya miyala yotalika mamita oposa 700, nawagawa m'zitsime 16 zotsikirana, ndipo chitsime choyamba chili pafupi ndi nyumba ya mfumu kuti iyo izilandira madzi oyera koposa. Ndinaima pa chimodzi mwa zitsimezo n'kuona kamlomo kosemedwa m'mwala, kopangidwa mwakuti madzi azigwa ngati chingwe chimodzi choti mtsuko ulandire, ndipo akugwabe choncho patatha zaka zoposa 500. Pafupi pomwepo pali Kachisi wa Dzuwa, khoma lokhota lomangidwa pamwamba pa thanthwe lachilengedwe, lokhala ndi zenera limene kuwala kwa dzuwa lotuluka kumaloweramo m'mwezi wa June, pa tsiku lalifupi koposa m'chaka. Miyala yake ya granite inasemedwa mpaka kugwirana popanda dothi kapena simenti pakati, ndipo mzere wolekanitsa mwala ndi unzake ndi wopyapyala moti nsonga ya mpeni singalowe. Si makoma onse ali otere, chifukwa nyumba za antchito ndi nkhokwe zinamangidwa ndi miyala wamba yomatidwa ndi dothi, ndipo kusiyana kumeneko kumakuuza yemwe ankagona kuti.

Wotilondolera anatifotokozera kuti mbali yaikulu ya ntchito ya pamalowa ili pansi pa nthaka. Katswiri wina wa zamadzi wa ku America, Kenneth Wright, amene anafufuza malowa kwa zaka zambiri, anayerekeza kuti pafupifupi magawo 60 pa 100 aliwonse a ntchito yomanga ndi maziko ndi ngalande zosaoneka. Kumeneko kumagwa mvula yambiri, phirilo ndi lotsetsereka, ndipo dzikolo limachita zivomezi, choncho sitepe lililonse la munda linayalidwa miyala pansi, kenako timiyala, mchenga, ndi dothi lachonde pamwamba, kuti madzi azilowa pansi m'malo mokokolola nthaka. Makoma amapendekera pang'ono mkati, ndipo zitseko ndi mazenera n'zotambasuka m'munsi, zopanikizika m'mwamba. Munthu amene anaonapo mmene mvula imagumulira mapiri kwathu samva zimenezi ngati nkhani yakale chabe.

Mbiri ya malowa anaifotokozanso moona mtima. Akatswiri ambiri amavomereza kuti Machu Picchu inamangidwa cha m'ma 1450 monga malo a mfumu Pachacuti, yemwe anakulitsa ufumu wa Inca kuchoka pa dera la Cusco kukhala waukulu koposa ku America nthawi imeneyo, ndipo inasiyidwa patatha zaka pafupifupi 100, ufumuwo utagwa m'manja mwa Francisco Pizarro, amene anagwira mfumu Atahualpa ku Cajamarca mu 1532. Asilikali a ku Spain sanaigwetse monga anachitira ndi akachisi ena, n'chifukwa chake yasungika chotere. Mabuku ambiri amati anaitulukira ndi Hiram Bingham wa ku yunivesite ya Yale mu 1911, koma wotilondolera anatsindika kuti Bingham anaperekezedwa ndi mlimi wa m'deralo, Melchor Arteaga, ndipo anapeza mabanja akulima m'masitepe omwewo. Ife amene tinaphunzitsidwa kusukulu kuti David Livingstone anatulukira nyanja ya Malawi mu 1859, pamene makolo athu ankawedzamo kale, tinamvetsa msanga zimene ankatanthauza. Zinthu zimene Bingham anapita nazo ku Yale zinayamba kubwezedwa ku Peru mu 2011, ndipo zina zikuonetsedwa ku Casa Concha mu Cusco. Bungwe la UNESCO linaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1983.

Ku Cusco kampani inatipatsa nthawi yochepa kuposa imene mzindawo ukuyenera. Tinaona Qorikancha, kachisi wamkulu wa dzuwa amene pamwamba pake anamangapo tchalitchi cha Santo Domingo, ndipo chivomezi cha 1950 chitaononga tchalitchicho makoma a Inca a pansi pake anatsala chiimire. Tinakweranso ku Sacsayhuamán, mabwinja a Inca a pamwamba pa mzindawo, komwe miyala ina ya m'makoma ndi yolemera matani oposa 100, koma tinangodutsamo mothamanga chifukwa pulogalamu inaikamo malo ogulitsira nsalu ndi zosema, omwe akanatha kusiyidwa kuti aliyense apiteko yekha. Tikiti imodzi yotchedwa Boleto Turístico, yolowera ku mabwinja a ku Sacsayhuamán, Ollantaytambo, Pisac ndi Moray, inali m'kati mwa mtengo, ndipo pamenepo panalibe chinyengo.

Chakudya sichinativute. Kumapiri a Andes ndiko kwawo kwa mbatata ya kachewere, yomwe kwathu imalimidwa kwambiri ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo mumsika muli mitundu yake yambirimbiri, yakuda, yofiira ndi yachikasu. Chimanga chawo chophika chili ndi maso akuluakulu ndipo amachigulitsa ndi tchizi m'mbali mwa msewu, pamene mbira yowotcha ndi ndiwo yaulemu. Mtengo wa kampani unkaphatikiza chakudya cha m'mawa chokha ndi cha masana pa masiku ena, ndiye pafunika kukhala ndi ndalama ya kumeneko, yotchedwa sol, yogulira chakudya chamadzulo, madzi akumwa, kuthokoza oyendetsa magalimoto ndi otilondolera, ngakhalenso kulipira chimbudzi cha pa chipata cha Machu Picchu, popeza m'kati mulibe chimbudzi. Pepala lawo linatchula zina mwa izi koma osati zonse, ndipo kwa anthu amene ndalama yawo ndi randi, zing'onozing'onozi zikaphatikizana zimapweteka m'thumba.

Nyengo ya kumeneko imayenda ngati ya kwathu, mvula kuyambira cha mu November mpaka March ndi chilimwe kuyambira May mpaka September, ndipo m'miyezi ya June ndi July usiku kumazizira koopsa, komanso ndi pamene matikiti amatha msanga. Achinyamata amphamvu angafune kuyenda pansi pa njira yakale ya Inca Trail, ulendo wa masiku 4 wa makilomita pafupifupi 43 wodutsa pa mpata wa phiri wa mamita oposa 4,200, koma zilolezo zake ndi 500 zokha pa tsiku kuphatikizapo onyamula katundu, ndipo njirayo imatsekedwa mu February. Kwa gulu losakanikirana misinkhu ngati lathu, sitima ndi basi ndiyo njira yoyenera, ngakhale masitepe a miyala m'mabwinjamo sangapewedwe ndipo amafuna mawondo abwino ndi nsapato zogwira.

Titabwerera tinalemba kalata yodandaula za matikiti, yosainidwa ndi gulu lonse. Kampani inavomera kuti inachedwa kugula, inabweza ndalama ya namulondola kwa amene anapatsidwa munthu wachiwiri uja, ndipo inalonjeza kuti iyamba kulemba nambala ya njira pa mapepala ake. Ndalama imene anabweza ndi yochepa poyerekeza ndi zimene anthu anataya, koma anayankha mwaulemu ndiponso mosazengereza. Anzathu a ku tchalitchi chathu amene akufuna kupita chaka chamawa ndawauza kuti angathe kugwiritsa ntchito kampani yomweyi, pokhapokha ndalama yomaliza ailipire ataona matikiti a njira yachiwiri a gulu lonse, a ola limodzi, ali ndi maina awo.